Mwana Wokhala Payekha ndi Makina Anzeru

Pa msika wa Muloza, pafupi ndi malire opita ku Milange, pali phokoso lambiri la magalimoto ndi la ogulitsa malonda. Ana ambiri akondwera nalo, koma pangakhale mwana wina amene atseka makutu ache nalira. Akamuitana dzina sacheuka. Anzache akamasewera, iye akhala payekha nandandalika timiyala pa mzere. Ena ati anamlodza, ena ati ngwamwano. Si chomwecho iai. Kapena mwanayo ali ndi chibadwa chimene madotolo achitcha autism.

M'chaka cha 1943 dotolo wina wa ku America, dzina lache Leo Kanner, analemba za ana 11 otere. Bongo wao ugwira ntchito mwa njira ina, ndipo chifukwa chache kuwavuta kumvana ndi anthu. Chibadwachi sapatsirana, ndipo palibe mankhwala ochichotsa. Koma mwana akathandizidwa akali wamng'ono, aphunzira zambiri.

Makono anthu apanga makina a kompyuta otha kuphunzira, otchedwa AI. Monga mlimi adziwa mvula pakuona mitambo zaka zambiri, momwemonso makinawa aphunzira pakuona zitsanzo zosawerengeka. M'chaka cha 2021 boma la America linaloleza chipangizo chotere, dzina lache Canvas Dx. Makolo ayankha mafunso pa foni, najambula mwana wao alikusewera; dotolo nayenso ayankha mafunso ache. Pamenepo makina aphatikiza zonsezo, nathandiza dotoloyo kuzindikira msanga.

Ku England, pa University of Hertfordshire, anapanga chidole cha makina chotchedwa Kaspar. Sichidzidzimutsa mwana, ndipo sichitopa kubwereza. Motero mwana wamantha aphunzira nacho kupereka moni ndi kulandizana posewera.

Komatu makina sali amai, sali mphunzitsi. Afuna magetsi ndi ndalama zambiri, ndipo nthawi zina aphonya. Chifukwa chache kufunikabe anthu odziwa ntchito. Kuno ku Malawi aphunzitsi a ana ofuna thandizo lapadera aphunzira ku Montfort, ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu.

Tsono ana a sukulu nawonso ali ndi ntchito yao. Asamseke mnzao wotere, kapena kumponya miyala. Alankhule naye mau ochepa ndi mofatsa, namdikire kuti ayankhe. Pakuti chimene makina aphunzitsa m'nyumba chikhwima pa bwalo la masewera.