Kaundula Mmodzi wa Kampani Yonse

Aliyense amene anagwirapo ntchito m'kampani yaikulu adziwa mkangano umene umabuka pakutha pa mwezi, pamene wosunga katundu abwera ndi buku lake, wogulitsa ndi lake, wowerengera ndalama ndi lakenso, ndipo ngakhale onsewo atumikira mbuye mmodzi, ziwerengero zawo zimatsutsana monga mboni zosagwirizana pabwalo la mfumu. Pofuna kuthetsa vutoli, akatswiri anakonza pulogalamu ya kompyuta yotchedwa ERP, imene ili kaundula mmodzi wolembamo nthambi zonse za kampani. Kotero kuti thumba la shuga likagulidwa, nthawi yomweyo lichotsedwa pa chiwerengero cha katundu wotsala, ndalama yake ionekera kwa akauntanti, ndipo woitanitsa katundu azindikira kuti tsiku loitanitsa wina layandikira.

Nzeru imeneyi inakula pang'onopang'ono. M'zaka za m'ma 1960 mafakitale a ku America anayamba kuwerengera pa kompyuta zipangizo zofunika pa ntchito yawo. Mu 1972 amuna asanu amene anasiya ntchito ku IBM anakhazikitsa kampani ya SAP ku Germany, nayamba ndi kutumikira fakitale ya ulusi wa nayiloni ya kampani ya ICI ku Östringen. Ndipo dzina lakuti ERP linachokera ku kampani ya Gartner mu 1990.

Komatu walira mvula walira matope. Kampani ya chokoleti ya Hershey, pofuna kutsiriza m'miyezi 30 ntchito yofunika miyezi 48, inayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yake mu 1999 isanayesedwe mokwanira, ndipo itafika nyengo ya Halloween, imene maswiti agulidwa koposa, inalephera kutumiza katundu wa madola pafupifupi 100 miliyoni, chikhalirecho katunduyo anali m'nkhokwe zake. Kuthamanga sikufika. Kwathu kunonso, pa nkhani ya Cashgate ya mu 2013, tinaona ndalama za boma zikutuluka kudzera mu IFMIS, kaundula wa mtundu womwewu, anthu ena nafufuta zolembedwa kuti abise mapazi awo.

Chifukwa chake, inu eni malonda, musanagule pulogalamuyi yambani mwakonza mabuku anu akale, phunzitsani antchito modekha, ndipo woitanitsa katundu asakhalenso wovomereza malipiro ake. Pakuti kaundula amasunga chokhacho chimene dzanja lalemba, ndipo dzanjalo liyenera kukhala la kapitawo wokhulupirika.