Nyama M'kati, Fupa Kunja: Mmene Chiwala Chimadumphira

Aliyense amene anakulira kumudzi anathamangitsapo chiwala m'maudzu. Umachinyang'amira bwinobwino, dzanja lili m'mwamba, koma ukangoti mbwe, mwini wake wapita kale. Funso limene ambiri sitidzifunsa ndi lakuti kanthu kopanda fupa ndi limodzi lomwe kamatenga kuti mphamvu yotereyi?

Tiyambire pa thupi lathu lomwe. Ife anthu mafupa ali m'kati, ndipo minofu inawakuta kunja. Mnofu sudziwa kukankha. Ntchito yake ndi kukoka basi. Ukafupika umakoka mtsempha, mtsempha nukoka fupa, mkono nupindika. Kuti mkono uwongokenso pamafunika mnofu wina wa mbali inayo. Tizilombo ta miyendo 6, monga ziwala, njuchi, ntchentche ndi nyerere, timatsata lamulo lomweli, koma zinthu zinatembenuka. Fupa lake ndi chigoba cholimba chija chakunja, chimene m'mabuku a Biology amachitcha exoskeleton, ndipo minofu yonse ili m'kati mwake. Chigobachi chimapangidwa ndi timaulusi totchedwa chitin tosakanizika ndi mapuloteni. Pokumana zigawo ziwiri, monga pabondo, chigoba chimakhala chofewa kuti papindike.

Tsono vuto nali. Mnofu ndi wofewa, chigoba ndi chouma, ndipo pakati pa ziwirizi pali khungu lopyapyala la maselo amoyo, amene ndiwo amapanga chigobacho. Mnofu ukanangomatidwa pakhunguli, tsiku loyamba kukoka ukanaling'amba. Chimene chimachitika ndi chakuti nsonga ya mnofu imalumana ndi maselowa mokhala ngati zala za manja awiri zolowana. M'kati mwa maselowo muli timitsitsi tambirimbiri toyenda kuchokera pamene pathera mnofu mpaka pamene payambira chigoba, ndipo kuchokera apo timaulusi tina timalowa m'timabowo ta chigoba mpaka kufupi ndi kunja kwenikweni. Akatswiri amatitcha tonofibrillae. Kunena mwachidule, mnofu unachita kusokedwera kuchigoba, monga mmene wosoka nsapato amapyozera ulusi m'chikopa m'malo modalira ulimbo wokha.

Koma khoma la chigoba palokha silikwanira. M'malo ena chigoba chimapindikira m'kati, nichipanga ndodo kapena kachitsamba kolimba kamene minofu imagwirako. Dzina lake ndi apodeme, ndipo kamagwira ntchito ya mtsempha. Amene anadyapo nkhanu anakaona kale: mukaswa chala chake chachikulu chopanira, pakati pa nyama mumapeza kanthu kopyapyala koyera kokhala ngati pulasitiki. Nkhanu si ya m'gulu la ziwala, koma mapangidwe ake pamenepa ndi amodzi.

Tibwerere kwa chiwala chathu. Mukachigwira, yang'anitsitsani ntchafu ya mwendo wakumbuyo. Muona mizere yopendekeka yokumana pakati, ngati minga ya nsomba. Mizereyi si yokongoletsa ayi. Ikusonyeza malo amene timagulu ta mnofu tagwira chigoba cham'kati. Kuchokera kukhoma, timagulu tonseti timapendekera ku apodeme imodzi yaitali yoyenda pakati pa ntchafu, monga mmene ubweya wa nthenga ya nkhuku umakumanira pamsana wake. Ubwino wa kayalidwe kotere ndi wakuti m'malo ochepa mumalowa timinofu tambiri tatifupi tokokera pamodzi. Apodemeyo imakathera pamwamba pa msongolo, pafupi kwambiri ndi pokhotera bondo, kotero kuti ikasuntha pang'ono chabe, phazi limayenda mtunda waukulu. Kunsi kwa ntchafu kuli mnofu wina waung'ono wopinda mwendo, nawonso ndi apodeme yakeyake.

Pa dzombe la m'chipululu, limene limalemera pafupifupi magalamu 2, mnofu waukuluwu umakoka ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa kilogalamu imodzi ndi theka. Komabe mphamvu yokhayo siidumphitsa. Mnofu umachedwa kufika pa mphamvu yake yonse, pamene mwendo ndi waufupi ndipo umayenera kuwongoka m'kanthawi kochepa zedi. Apa ndi pamene ine ndimaona kuti nkhaniyi yakoma. Chiwala chimayamba chapinda mwendo kotheratu. Kenaka minofu yonse iwiri, waukulu ndi waung'ono, imakoka nthawi imodzi kwa pafupifupi theka la sekondi. Mungayembekeze kuti waukulu upambana pomwepo, koma apodeme ya waung'ono imadutsa pa kachotupa kena ka chigoba m'kati mwa bondo, nikakodwa pamenepo ngati chingwe cha msampha. W. J. Heitler ndiye anafotokoza ntchito ya kachotupaka mu 1974. Popeza mwendo sukutha kuwongoka, mphamvu ya mnofu waukulu imapinda tizigawo tiwiri takuda tooneka ngati mwezi watsopano tomwe tili m'mbali mwa bondo, ndi kutamulanso apodeme yomwe. Mnofu waung'ono ukangolekerera, zonsezi zimabwerera mwakamodzi, mwendo nuwongoka m'nthawi yosafika gawo limodzi la magawo 30 a sekondi. Ndi legeni yeniyeni: mumakoka mphira pang'onopang'ono, mwala nuchoka mwaliwiro. Nthawi ija chiwala chimaoneka ngati changokhala phee mukamachiyandikira, mwina chimakhala chikukoka legeni yake.

Mphira wa tizilombo uliponso ndithu. Mu 1960 katswiri wa ku Denmark, Torkel Weis-Fogh, analengeza za puloteni yotamuka imene anaipeza polumikizira mapiko a dzombe ndi m'mitsempha ya tombolombo, naitcha resilin. Ikatamulidwa imabweza pafupifupi mphamvu yonse imene inaikidwamo.

Pa mapiko pali zodabwitsa zina. Tombolombo ali ndi minofu yokoka patsinde pa phiko lililonse. Ntchentche ndi njuchi ayi: minofu yake yaikulu youlukira siigwira mapiko konse, imagwira makoma a chifuwa. Gulu lina limachokera kudenga la chifuwa kutsikira pansi. Likakoka, denga limatsika, mapiko nakwera. Gulu lina limayenda chamlitali. Likakoka, denga limatukumuka, mapiko natsika. Chifuwa chonse chimangonjenjemera, ndipo njuchi imakupiza mapiko koposa ka 200 pa sekondi. Kulira kuja timamva ikamadutsa pakhutu ndi komweko.

Chotsala ndi nthawi yofundula. Chigoba sichikula, choncho mwana wa dzombe la m'chipululu amachivula kasanu asanamere mapiko okhwima. Masiku ochepa asanavule, khungu limalekana ndi chigoba chakale, nilitulutsa madzi osungunula mbali yake yam'kati, uku likupanga chatsopano kunsi. Minofu ikanamasuka nthawi imeneyi, kachilomboko kakanagona chigonere osatha kuthawa mbalame kapena buluzi. Koma timaulusi tija tolowa m'chigoba sitisungunuka ndi madziwa. Timapyola chigoba chatsopano ndi kugwirabe chakale mpaka tsiku lovula, pamene timaduka, tatsopano titagwira kale m'malo mwake. Ngakhale ma apodeme amavulidwa nawo, poti ndi mbali ya chigoba. Amasololoka m'kati mwa mwendo, atsopano natsala. Chiwala chongofundula kumene chimakhala chofewa, ndipo mpaka chigoba chake chitauma sichitha kudumpha ndi mphamvu yake yonse. Mukapeza chigoba chopanda kanthu cha nyenje chitakangamira pamtengo, chitengeni mosamala ndi kusuzumira pamng'alu wa pamsana: timaulusi toyera timene muonemo ndi zokutira za m'njira zopumira, zimene nazonso zinavulidwa tsiku lomwelo.