Injini yafika pagombe, nanga alovi adya chiyani?

Abale ndi alongo a m'mbali mwa nyanja, ife amene tsitsi layera tikukumbukira usodzi wa usipa wakale. Bwato linkayenda ndi nkhafi, ndipo siginala ankakhala usiku wonse akupopa nyali ya parafini kuti nsomba zisonkhane. Lero pitani ku Makanjira, ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota, mukapeza boti la injini ndi mababu a batire lotchajidwa ndi sola. Chilimira ndi yomwe ija, koma ntchito yasintha.

Zabwino zake tisazibise. Injini imafikitsa asodzi pa madzi akuya pomwe nkhafi sizinkafika, ndipo mwera ukayamba imawabweza msanga kumtunda. Foni nayo yathandiza. Chiyambireni Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, mayi wogula usipa sayendanso ndi ndalama zomanga pansalu. Amaimba ku Limbe kapena ku Lilongwe, n'kumva mtengo wa tsikulo asanakweze matumba. Kudimba nako, pampu ya sola ikuthirira m'maola ochepa munda umene anyamata aganyu ankathera tsiku lonse ndi zitini.

Koma funso n'lakuti, phindu likupita kwa yani? Boti likabwera kunyanja, mwini zipangizo amayamba wachotsa ndalama ya petulo, oyilo ndi batire, kenako n'kugawana zotsala ndi alovi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta adakwera, ndipo gawo la mlovi lidachepa ngakhale thukuta lake ndi lomwe lija. Tsiku lopanda nsomba amabwerera kunyumba ndi ngongole ya mafuta. Mnyamata waganyu wa kudimba uja naye akungokhala, pakuti pampu sipempha malipiro.

Izi tidaziwonapo kale. Chigayo chitabwera, amayi amene ankasinjira ena chimanga kuti apeze gaga adasowa pogwira. Komabe pa chigayo pomwepo padapezeka ntchito ya woyendetsa, wosula masefa ndi wokonza injini. Makina akalowa, ntchito ya mphamvu imachepa, ya luso n'kuchuluka. Lero injini ikafa pagombe, mwini boti amadikira makaniko masiku angapo, ena mpaka kunyamula injiniyo kupita nayo kuboma. Amene amadziwa kulumikiza sola, kukonza foni kapena kusintha pulagi sagona ndi njala, ngakhale nyengo yotseka nyanja.

Ndiye tichite chiyani? Choyamba, ana asasiye sukulu chifukwa cha ndalama za usiku umodzi. Mwana apite ku madrasa, apitenso ku pulayimale, pakuti wosadziwa kuwerenga amabedwa ngakhale pa foni yake yomwe. Amene akula tiwatumize kukaphunzira luso kwa amisiri, ku maphunziro a TEVETA, kapena ku koleji ya zausodzi ku Mpwepwe m'boma la Mangochi. Atsikana tisawasiye m'mbuyo. Nawonso angathe kusunga mabuku a boti ndi kuyendetsa malonda.

Chachiwiri, inu eni maboti, werengerani mafuta poyera, alovi onse akuwona. Lembani m'kope malita amene mwagula ndi ndowa zimene mwagulitsa. Mlovi wobedwa sakhalitsa, ndipo injini yokha sikoka chilimira.

Chachitatu, kumbukirani kuti injini ndi mababu owala sizibereka nsomba. Zimangotithandiza kuzimaliza msanga. Chambo chimene tinkadya tili ana lero tikuchiwona m'makheji owetera nsomba. Tilemekeze malamulo a komiti ya pagombe, ndipo neti ya udzudzu ibwerere kuchipinda.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachisanu likudzali tikatuluka mu mzikiti, tikhale pansi eni maboti ndi alovi, tisankhe anyamata awiri pa gombe lililonse, tisonkhe ndalama akaphunzire kukonza injini.