Kodi Tingaike Ndalama Zathu pa Mitengo ya Zokolola?

Nyengo ya fodya ikafika, maso a alimi a ku Kasungu amakhala pa msika wa Chinkhoma, umodzi mwa misika inayi ya fodya m'dziko muno pamodzi ndi Limbe, Kanengo ndi Mzuzu. Mtengo ukakwera, malata amagulidwa ndipo ana amalipiriridwa fizi. Ukatsika, banja lonse limagona ndi ngongole ya feteleza. Ambiri a ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi abale amene anagwirapo ntchito m'maesiteti a kumeneko, choncho tikudziŵa kuopsa kodalira mbewu imodzi.

Kunja kuli njira ina imene ana athu a ku Johannesburg amamva kwa anzawo. Munthu amapereka ndalama zake ku thumba lalikulu limene limatsatira muyeso wa mitengo ya katundu wosiyanasiyana, wotchedwa index. Muyeso wotchuka ndi S&P GSCI, umene unayambitsidwa ndi banki ya Goldman Sachs mu 1991. Umaphatikiza katundu 24, monga mafuta, tirigu, chimanga, soya, shuga, thonje, khofi, golide ndi ng'ombe. Muyeso ukakwera, gawo la munthu limakwera. Ukatsika, nalonso limatsika. Ganizo lake n'lakuti chimanga chikagwa mtengo, mwina golide kapena shuga akwera.

Koma tiyeni tione bwino. Choyamba, fodya wa ku Kasungu mulibe m'muyeso umenewu, ndipo gawo lalikulu ndi la mafuta. Mu July 2008 mgolo wa mafuta unafika madola 147, koma chaka chisanathe unagwa kufika pansi pa madola 40. Amene analoŵa mtengo uli pamwamba anataya chuma chambiri m'miyezi yoŵerengeka.

Chachiŵiri, thumba lotereli kaŵirikaŵiri silisunga ngakhale saka limodzi la chimanga. Limagula mapangano akuti katundu adzaperekedwa mwezi wakutiwakuti. Tsikulo likayandikira, limagulitsa pangano lija n'kugula la mwezi wotsatira. Ngati latsopanolo n'lodula, ndalama zimachepa pang'onopang'ono ngakhale mtengo wa katundu weniweni usanasinthe. Palinso malipiro a oyendetsa thumba chaka ndi chaka.

Chachitatu chikukhudza chipembedzo chathu. Mu 1992, pa msonkhano wake wa ku Jeddah, bungwe la akatswiri a malamulo a Chisilamu la International Islamic Fiqh Academy linagamula kuti kugula ndi kugulitsa muyeso wa mitengo n'kosaloledwa, chifukwa kuli ngati juga. Linakananso mapangano amene katundu ndi malipiro zonse zimachedwetsedwa. Komanso matumba ambiri otere amasunga ndalama zawo pamalo popereka chiwongoladzanja, chimene kwa ife ndi riba.

Nanga titani? Malonda a katundu weniweni ndi halali. Banja likhoza kugula soya, mtedza kapena mpunga nthaŵi yokolola, kusunga bwino, n'kudzagulitsa mtengo ukakhala bwino, bola tisabise chakudya anthu ali pa njala. Msika wa ACE, umene unakhazikitsidwa mu 2004, unabweretsa njira yosungitsa mbewu m'nkhokwe zazikulu, mwini n'kulandira chiphaso chosonyeza kulemera ndi mtundu wa mbewu zake. Tingochenjera ndi ngongole yachiwongoladzanja imene munthu angatenge pogwiritsa ntchito chiphasocho.

Palinso malonda a salamu, amene Chisilamu chinaloleza kalekale. Wogula amalipira ndalama zonse lero, ndipo mlimi amadzapereka mbewu za mtundu, muyeso ndi tsiku zimene anagwirizana poyera. Mlimi amapeza ndalama za mbewu ndi feteleza popanda katapira. Koma mtengo wake ukhale wachilungamo, osati kudyera masuku pamutu mlimi amene wapanikizika mu January.

Tonse tikufuna kuteteza thukuta lathu, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Phunziro labwino la matumba akunja n'lakuti chuma chisakhale pa chinthu chimodzi. Tingalitsate pokhala ndi mpunga, mbuzi, soya ndi kabizinesi ka usipa. Munthu akabwera ndi lonjezo la phindu lalikulu, timufunse kuti katunduyo ali kuti, ndipo tikaonane ndi shehe wodziŵa za malonda tisanatulutse ndalama.