Kodi Humpty Dumpty anagwa yekha? Za mabuku a ana ofufuza milandu

Makolo amene muli ndi ana ku sukulu za mkaka, dzina loti Humpty Dumpty si lachilendo kwa inu. Ana amaimba kanyimboko mosaphonya, koma mukawafunsa tanthauzo amangokuyang'anani. Nkhani yake ndi yaifupi: Humpty anakhala pakhoma, anagwa, ndipo anthu a mfumu ndi akavalo awo analephera kumulumikiza. Basi. Pakhomapo ankatanipo? Anaterereka kapena wina anamukankha? Kanyimbo sikanena. Mpata umenewu ndi umene alembi ena a ku America analowerapo, n'kusandutsa tinyimbo ta ana kukhala milandu yoseketsa yofuna wofufuza. Ndati ndifotokozeko mmene mabukuwa amakhalira, poti ena mungakumane nawo pa mulu wa mabuku a kaunjika n'kumakayika ngati ndi oyenera kutayirapo ndalama.

Limene ndimalikonda ndi What Really Happened to Humpty?, lolembedwa ndi Jeanie Franz Ransom, zithunzi anajambula Stephen Axelsen, ndipo linatuluka mu 2009. Wofufuza wake ndi Joe Dumpty, m'bale wake wa Humpty. Nayenso ndi dzira, koma dzira lovala chijasi chachitali ndi chipewa ngati atekitivi a m'mafilimu akale. Mkulu wa apolisi, yemwe ndi Mother Goose, akuti imene ija inali ngozi chabe. Joe akukana. Ndiye akuyenda khomo ndi khomo kufunsa aneba, ndipo aneba onsewo ndi anthu a m'tinyimbo ndi nthano zina, monga Miss Muffet uja anathawa kangaude. Mwana akazindikira mmodzi amafuula ngati waona mnzake mumsika. Kukoma kwa bukuli kwagona pamenepo.

Mu 2015 awiriwa anatulutsanso The Crown Affair, lokhudza Jack ndi Jill amene anakwera phiri kukatunga madzi. M'kanyimbo, chimene Jack anavulala ndi crown, kutanthauza pamwamba pa mutu. Koma mawu omwewo amatanthauzanso chisoti chachifumu, ndiye m'bukuli chisoticho chasowa ndipo Joe akusaka wakuba. Palinso Who Pushed Humpty Dumpty? la David Levinthal, la 2012, momwe wapolisi ndi chule wotchedwa Binky. Iyeyu ali ndi milandu ingapo m'buku limodzi, kuphatikizapo wa Goldilocks wolowa m'nyumba ya zimbalangondo eni ake kulibe.

Tsono vuto lili apa. Nthabwala za m'mabukuwa zimadalira kuti mwana akudziwa kale nkhani yoyambayo, komanso akumva Chingerezi mpaka m'kati. Joe amatchedwa hard-boiled, mawu amene amanena za dzira lowiritsa mpaka kulimba, komanso za tekitivi wouma mtima. Wamkulu aseka, mwana wa zaka zinayi amene analoweza kanyimbo ngati chinkhwe zimudutsa pamwamba. Mukangomupatsa buku n'kuchokapo, aona zithunzi mphindi ziwiri, kenako tsamba loyamba lasanduka ndege. Kwa ine mabukuwa amayenera ana a Sitandade 2 kapena 3 kupita m'tsogolo, ndiponso pakhale wamkulu wowerenga nawo.

Mmene ndimaonera, yambani ndi kanyimbo, mukafotokoze m'Chichewa ngati nthano. Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa: kanyimboka, kamene kanasindikizidwa koyamba mu 1797, sikatchula paliponse kuti Humpty ndi dzira. Akatswiri ambiri amati poyamba chinali chilape, yankho lake n'kukhala dzira, chimodzimodzi chilape chathu chija cha nyumba yopanda khomo. Chithunzi cha dzira la maso ndi pakamwa chinafala kwambiri ndi buku la Lewis Carroll la 1871, Through the Looking-Glass. Choncho muuzeni mwana nkhaniyo osaonetsa zithunzi, ayankhe yekha kuti chinthu chogwa n'kukanika kulumikizika n'chiyani. Ufufuzi wayamba kale pamenepo.

Powerenga, musathamangire kumapeto. Mboni ikalankhula, imani: “Ukuganiza kuti akunena zoona? Waona chiyani pachithunzipa?” Mwana amene amangomva “bwerezani pambuyo panga” tsiku lonse amadabwa kuti wamkulu akufuna maganizo ake, ndipo nthawi zina amaona kanthu pakona pa chithunzi kamene inu mwakadumpha.

Chenjezo kwa ogula: si buku lililonse lokamba za Humpty limene ndi la ana. The Big Over Easy la Jasper Fforde wa ku Britain, la 2005, ndi buku lalikulu la akuluakulu, ndipo Humpty wa mmenemo amapezeka atafa, moyo wake uli wodzaza ndi mowa, akazi ndi katangale.

Mukapanda kuwapeza mabukuwa, njira yake ndi yosavuta kubwereka. Nthano ya Kalulu wokana kukumba chitsime ndi mlandu wathunthu: madzi akubedwa, alonda akupezeka atamangidwa m'mawa, aliyense akuchita manyazi kuulula kuti anakopeka ndi uchi. Mupatseni mwana udindo wa Kamba, inu mukhale alondawo mmodzimmodzi, azikupanikizani ndi mafunso.