Kuphwanya ndi Kumanga Zolembedwa za Dongosolo pa Kompyuta: Chitsanzo cha Mau a Ulimi wa Fodya ku Kasungu

1.0 Chiyambi

Chicheŵa cha ku Kasungu chili ndi malo ake m'mbiri ya chilankhulo chathu. Buku la malamulo a Chicheŵa limene Mark Hanna Watkins adasindikiza m'chaka cha 1937 lidachokera pa kalankhulidwe ka Kamuzu Banda, mbadwa ya ku Kasungu, amene adagwira naye ntchito ali pa sukulu ku Chicago. Chicheŵa chitasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968, kalankhulidwe ka m'Chigawo cha Pakati ndiko kadatengedwa ngati muyeso. Komatu zigwa za Kasungu si za Acheŵa okha. Kumpoto kuli Atumbuka, ndipo minda ikuluikulu ya fodya yakhala ikuitana matenanti ochokera m'maboma a kummwera. Choncho wofufuza amene akulemba mau a pa chigafa kapena a pa msika wa fodya wa Chinkhoma amakumana ndi katchulidwe kosiyanasiyana, ndipo kusiyana kumeneku ndiko chuma chimene akufuna.

Cholinga cha pepala lino ndi kufotokoza m'mene mau otere angasungidwire m'kompyuta popanda kutaya kusiyanako. Mfundo yathu ndi yakuti ntchito yoŵerenga ndi kulemba mafailo iyenera kuperekedwa kwa laibulale yoyesedwa kale, koma chiweruzo pa zimene zilembo zikutanthauza chiyenera kukhalabe m'manja mwa wodziŵa chilankhulo.

2.0 Zolembedwa za dongosolo

Tikati zolembedwa za dongosolo tikunena zolembedwa zimene munthu angathe kuŵerenga, koma zotsata malamulo okhwima kotero kuti makina nawo sangasochere. Mitundu iŵiri ndiyo yafala. Woyamba ndi XML, umene bungwe la W3C lidauvomereza mu 1998, ndipo ndiwo umene pulogalamu ya ELAN, yochokera ku Max Planck Institute ku Nijmegen, imasungiramo zolankhulidwa zojambulidwa. Wachiŵiri ndi JSON, umene Douglas Crockford adaufotokoza m'chikalata cha RFC 4627 mu 2006. Malamulo ake adakonzedwanso mu RFC 8259 m'chaka cha 2017. Zitsanzo zathu zichokera ku JSON chifukwa malamulo ake ndi ochepa. Liwu limodzi la m'kaundula lingaoneke chotere:

(1) {"nambala": 1, "liwu": "fodya", "gulu": "1a", "tanthauzo": ["mbewu ya masamba yogulitsa"], "dera": "Kasungu"}

Mbali iliyonse ili ndi dzina lake ndi chimene chasungidwa pansi pa dzinalo. Mau amatsekeredwa m'mitengero, manambala amaima okha, ndipo mndandanda umakhala m'mikutiro. Onani kuti gulu la dzina talilemba m'mitengero. Mtengo uli m'gulu 3, chigafa m'gulu 7, koma fodya ali m'gulu 1a, ndipo 1a si nambala. Amene angaganize kuti magulu onse ndi manambala adzapunthwa pa liwu loyamba lenileni la ulimi umenewu.

Laibulale ndi mtolo wa malangizo olembedwa kale amene wolemba pulogalamu amangoŵaitana. M'chilankhulo cha makina cha Python muli laibulale yotchedwa json kuyambira mu 2008. Ntchito zake zazikulu ndi ziŵiri. Lamulo la json.loads limaphwanya zolembedwa, monga m'mene mwana wa sukulu amaphwanyira chiganizo, ndi kuika mbali iliyonse pamalo pake. Lamulo la json.dumps limachita zobwerera: limatenga zimene zili m'makina ndi kumanga zolembedwa zotsata malamulo.

3.0 Chifukwa chosadzilembera tokha

Ofufuza ambiri amayamba ndi nzeru yooneka yapafupi, yakuti pulogalamu idule mzere paliponse pamene yapeza mpatuliro. Nzeru imeneyi imatha mphamvu tsiku limene tanthauzo lina lakhala ndi mpatuliro m'kati mwake, kapena mlimi wabwereza mau a mnzake ndipo mitengero yaloŵa m'kati mwa mitengero inzake. Laibulale imadziŵa kusiyanitsa chizindikiro cha dongosolo ndi chizindikiro cha m'mau a munthu, ndipo pomanga imatchinjiriza mitengero ya m'kati poikapo kamzere kopendekera. Ikapeza failo yolakwika imakana kupitirira ndi kutchula mzere pamene pali vuto. Kukana kumeneku ndi kwabwino, pakuti cholakwa chofuula chimakonzedwa tsiku lomwelo, pamene cholakwa chachete chimakafika m'buku losindikizidwa.

4.0 Zimene laibulale singatiŵeruzire

4.1 Lembo la ŵ. Liwu limene lembo ili limaimira lidali lofala m'Chigawo cha Pakati, ndipo limapezeka patsogolo pa a, e ndi i. Masiku ano nyuzipepala ndi mabuku ambiri adalisiya, ndipo olankhula ambiri amatchula w. Funso lakuti ndani akali kulitchula ku Kasungu, wa msinkhu wanji ndiponso wochokera kuti, lingayankhidwe pokhapokha ngati kaundula wasunga lembolo mokhulupirika. M'ndondomeko ya ASCII ya zilembo 128 mulibe ŵ, ndiponso mu ISO 8859-1 mulibe. Mu Unicode lilimo pa nambala U+0175, ndipo a ku Wales nawonso amaligwiritsa ntchito. Laibulale ya json ikangosiyidwa imalemba Mala\u0175i m'malo mwa Malaŵi. Apa palibe chatayika, popeza pophwanya lembolo limabwerera, koma wothandiza kufufuza amene atsegule failoyo angaganize kuti yaonongeka ndi kuyamba “kukonza”. Nchifukwa chake tiyenera kulamula kuti ensure_ascii akhale False, ndi kutchula UTF-8 nthaŵi zonse potsegula failo. Failo ya UTF-8 ikaŵerengedwa ngati ISO 8859-1, Malaŵi amasanduka MalaÅµi.

Pali msampha wina wobisika kwambiri. Lembo la ŵ lingasungidwe ngati chilembo chimodzi, kapena ngati w wotsatidwa ndi kachisoti koima pakokha, ka nambala U+0302. M'maso ziŵirizi nzofanana, koma makina amati nzosiyana, ndipo laibulale ya json imasunga chilichonse monga yachilandirira. Wofufuza akafunsa kuti liwu lakuti nthaŵi lapezeka kangati, adzalandira chiŵerengero chopereŵera osadziŵa. Mankhwala ake ndi kudutsitsa mau onse m'laibulale ina, ya unicodedata, ndi kuŵasandutsa onse mtundu umodzi wotchedwa NFC asanasungidwe.

4.2 Nkhodolero. M'kalembedwe kathu nkhodolero si chokometsera chabe. Ng'oma imaombedwa pa gule, pamene ngoma ndi nyama ya m'tchire. Makina olembera makalata amakonda kusintha nkhodolero yoongoka, ya U+0027, kukhala yopindika, ya U+2019, osafunsa munthu. Kaundula wolembedwa ndi anthu atatu angakhale ndi ng'ombe za mitundu iŵiri zimene makina sangazisonkhanitse m'khola limodzi. JSON imalola zonse ziŵiri. Kusankha imodzi ndi udindo wa oyendetsa kafukufuku.

4.3 Kukwera ndi kutsika kwa liwu. Kalembedwe ka masiku onse sikasonyeza kamvekedwe, koma wofufuza amayenera kukasonyeza. Taonani mau aŵiri aŵa:

(2) mténgo: chomera chimene alimi amadula kuti apeze nkhuni zoumitsira fodya m'balani
(3) mtengo: ndalama zimene wogula wapereka pa kilogalamu ya fodya

Onse aŵiri ali pakamwa pa mlimi wa ku Kasungu chaka chonse. Tsono tiyerekeze kuti wina wachotsa zizindikiro za kamvekedwe, nagwiritsa ntchito liwu lenilenilo ngati dzina la mbali:

(4) {"mtengo": "chomera chachikulu", "mtengo": "ndalama zogulira chinthu"}

Malamulo a RFC 8259 amalangiza kuti maina asabwerezedwe, koma saletseratu. Laibulale ya Python ikaphwanya chitsanzo (4) imasunga tanthauzo lomaliza ndi kutaya loyamba mwakachetechete. M'kaundula wa mau zikwi zingapo palibe angazindikire kuti nkhalango yonse yasoŵa. Njira yotchinjiriza ndiyo ya m'chitsanzo (1): liwu lililonse likhale ndi nambala yake, ndipo kalembedwe wamba ndi kalembedwe kosonyeza kamvekedwe zikhale mbali ziŵiri zosiyana. Pa mafailo ochokera kwa ena, laibulale ili ndi khomo lotchedwa object_pairs_hook limene limalola kuona maina obwerezedwa asanatayidwe.

5.0 Kuyesa kwa ulendo wobwerera

Pali kuyesa kumodzi kumene aliyense wosunga mau angachite. Tengani mau makumi angapo ovuta kwambiri, okhala ndi ŵ, nkhodolero, zizindikiro za kamvekedwe ndi mitengero. Amangeni kukhala failo, aphwanyeninso, ndipo makina afanizire zotuluka ndi zoloŵa chilembo ndi chilembo. Kuyesaku kubwerezedwe pa pulogalamu iliyonse imene mauwo adzadutsamo, makamaka mapulogalamu a matebulo, amene amakonda kusintha zinthu mwa okha.

6.0 Mau kwa okonza ndondomeko ya chilankhulo

Bungwe la Chicheŵa, lokhazikitsidwa mu 1972, lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 ndi kuŵakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Malamulo amenewo adalembedwera cholembera, taipi ndi makina osindikizira. Ntchitoyi idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996, ndipo lero mau athu ambiri amabadwira ndi kusungidwa m'kompyuta. Tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, malamulo a kalembedwe atchule nambala ya Unicode ya nkhodolero ndi ya ŵ. Chachiŵiri, kaundula aliyense wa kafukufuku asunge katchulidwe ka wolankhula padera ndi kalembedwe kovomerezeka, ngakhale pamene kalembedweko kadasiya ŵ. Chachitatu, ophunzira za zilankhulo aphunzitsidwe kugwiritsa ntchito laibulale yophwanyira ndi kumangira zolembedwa asanapite kumudzi kukajambula mau. Tikanyalanyaza zimenezi, wofufuza wa m'tsogolo akadzapeza w m'kaundula wa ku Kasungu sadzatha kudziŵa ngati amene adasiya ŵ ndi mlimi kapena makina.