Momwe Fort Hill inasandukira tauni

Agogo ena ku Chitipa mpaka lero amati "ndikupita ku Fort Hill" akamapita ku boma. Ndilo dzina limene atsamunda anapatsa malowa, m'mbali mwa msewu wa Stevenson umene unkachoka ku Karonga kulowera ku nyanja ya Tanganyika. Titalandira ufulu, dzinalo linasinthidwa kukhala Chitipa.

Mu 1987 anthu a pa boma pano sankakwana 5,000. Kalembera wa 2018 anapeza oposa 17,000. Ine ndimati china chimene chathandiza kukula kumeneku ndi msewu wa phula wochokera ku Karonga, wa makilomita pafupifupi 100, umene unamangidwa ndi anthu a ku China. Kale nyengo ya dzinja munthu ankagona panjira galimoto itatitimira m'matope. Lero mumanyamuka m'mawa, nsima ya masana mukadyera ku Karonga.

Yang'anani nyumba. Pomwe panali munda wa chimanga pali uvuni ya njerwa ikufuka utsi, pambali pake nyumba ya malata yonyezimira, mawindo akadali otseka ndi njerwa chifukwa ndalama zagalasi sizinapezeke. Malata ena amachokera ku Tunduma, tauni ya ku Tanzania. Mwini malo, yemwe anapatsidwa ndi amfumu, wadula mapuloti n'kugulitsa, osasiya mpata wa msewu. Ndiye a Northern Region Water Board adutsitse paipi pati?

Chipatala cha boma chilipo, sekondale ilipo, timu ya mpira ya Chitipa United nayonso ilipo. Koma mumsika mukamva Chilambya, Chindali, Chitumbuka ndi Chiswahili pa benchi imodzi ya matemba, ndipo madzulo ng'ombe zimadutsabe pamsewu waukulu kubwerera kukhola, akabaza a njinga zamoto akuziimbira belu.